Mchere Wobisika m'Madzi Othirira Mbewu



Mlimi amaweruza madzi ndi maso: akaona kuti ndi oyera, amati ndi abwino. Koma madzi a mvula akamalowa pansi amasungunula miyala ndi nthaka pang'onopang'ono, natenga michere monga sodiyamu, kashiyamu ndi magineziyamu. Kumene madziwo amakhalitsa osayenda, ndiponso dzuwa likuwomba kwambiri, michereyi imachuluka. N'chifukwa chake nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ili ndi mchere wambiri kuposa nyanja ya Malawi imene imatsanulira mu Shire. N'chifukwa chakenso mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amene anthu amalephera kumwa.

Kuchuluka kwa mchere timakuyeza ndi kachipangizo kotchedwa EC meter. Malangizo a bungwe la FAO a mu 1985 amati madzi osafika 0.7 dS/m alibe vuto pa ulimi wothirira, pamene opitirira 3.0 ndi oopsa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Madzi a 1.0 dS/m amakhala ndi mchere wokwana pafupifupi mamiligalamu 640 pa lita. Mlimi akathirira hekitala imodzi ndi madzi otere okwana mamilimita 500, wathiramo mchere wopitirira matani 3. Madziwo amauluka ngati nthunzi, ena mbewu zimamwa, koma mchere umatsala m'mundamo. Chaka chamawa uwonjezekanso.

Zizindikiro zake mukuzidziwa: mbewu zimafota ngakhale nthaka ili yonyowa, masamba amapsa m'mphepete, ndipo pamwamba pa mizere pamayera ngati pawazidwa ufa. Apa mlimi amathamangira feteleza poganiza kuti mbewu zili ndi njala. Chonde muletseni, pakuti feteleza naye ndi mchere. Pa dothi la makande, sodiyamu amamwaza dongo mpaka madzi kuleka kulowa. Pamenepo pafunika jipisamu.

Musanavomereze sikimu kapena dimba latsopano, yezani madzi kawiri: mvula itangosiya, ndiponso mu Okutobala pamene mitsinje ndi zitsime zaphwa. Kuyeza kwachiwiriku ndiko ndimakukhulupirira. Onetsetsani kuti pali ngalande zotayira madzi otsuka mchere. Kumene mchere wayamba kale, nyemba zichoke msanga, chifukwa sizipirira. Chimanga chimayesako pang'ono, koma mapira ndi thonje ndizo zimalimba.