Malamulo a Ophunzira Opita ku Maiko Ena, ndi Gawo la Mphunzitsi wa Kumudzi

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za mishoni ku Livingstone



Nkhani ya lero ioneka ngati ya kutali ndi munthu amene nchito yace ndi kuphunzitsa tiana kugwira pensulo. Malamulo onena za ophunzira ofuna kukaphunzira ku maiko ena amalembedwa m'maofesi a mayunivesite, ku Lusaka ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo mphunzitsi wa ku Mukuni kapena ku Kazungula angathe kunena kuti izo nza eni ace. Komatu ena mwa malamulowo mwana amawakwaniritsa kapena kuwalephera akali m'kalasi yoyamba, asanamve n'komwe dzina la yunivesite. Ndico cifukwa cace nkhaniyi yabwera pa msonkhano uno.

Mudzi wa Livingstone uwadziwa bwino maulendo otere. Mlatho wa pa Zambezi, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, unatha kumangidwa mu 1905, ndipo kwa zaka zambiri njanji ya pamenepo ndiyo inali khomo la kumwera. Kufikira 1966 m'dziko muno munalibe yunivesite. Mnyamata wofuna digiri anayenera kutuluka m'dziko, nakagogoda pa khomo la eni, amene anali ndi malamulo aoao.

Khomo limodzi linali Fort Hare ku South Africa, koleji imene inatsegulidwa mu 1916. Kumeneko kunaphunzira Elijah Mudenda ndi Sikota Wina a dziko lino, ndi Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere a ku Nyasaland. Koma mu 1959 Boma la tsankho la South Africa linapanga lamulo lolanda kolejiyo, niliisandutsa ya Axhosa. Khomo limene mibadwo inalowapo linatsekedwa ndi anthu amene sanafunse munthu ali yense kuno. Khomo lina linatseguka pafupi, ku Salisbury, mzinda umene makolo ankaucha Halale: University College of Rhodesia and Nyasaland inayamba kuphunzitsa mu 1957. Madigiri ace anali a yunivesite ya London, cotero malamulo olowera analinso okhwima monga a ku London. Wophunzira anayenera kupambana mayeso a Fomu 6, pamene sukulu za Aafirika zofika Fomu 6, monga Munali ya ku Lusaka, zinali zowerengeka pa zala. Khomolo linali pafupi ndithu, koma linali lopapatiza. Ena anafuna njira zina. Harry Nkumbula anadzera ku Makerere ku Uganda napitirira ku London. Simon Kapwepwe anapita ku India nabwerako mu 1955. Mainza Chona anatsiriza maphunziro a zamalamulo ku London mu 1958.

Zotsatira zace zinaoneka pa tsiku la ufulu. Mu 1964 Aafirika a dziko lino okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Bungwe la Sir John Lockwood, limene linafufuza za yunivesite mu 1963, linaona cimene cinatsekereza ana, nililangiza kuti yunivesite yatsopano izilandira ophunzira opambana bwino mayeso a sekondale osadikira Fomu 6. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312. Lamulo limodzi losinthidwa linacita zimene sitima ya kumwera sinathe kucita.

Palinso phunziro lina la masiku amenewo, ndilo lakuti kuphunzira kunja n'kwina, kuwerengedwa kwanu n'kwinanso. Hastings Kamuzu Banda anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry ku America mu 1937, koma pepala limenelo silinamloleze kugwira nchito m'maiko olamulidwa ndi Britain. Anayenera kuolokanso nyanja, nakalemba mayeso ena ku Edinburgh, amene anatsiriza mu 1941. Munthuyo anali yemweyo, nzeru zace zomwezo; cosowa cinali cibvomerezo ca eni malamulo. Lero m'dziko muno nchito yoyesa mapepala ocokera kunja ili m'manja mwa Zambia Qualifications Authority, bungwe lobadwa ndi lamulo la 2011.

Tsono masiku ano kuli njira imene akale aja analibe, ndiyo kusinthana ophunzira. Mayunivesite awiri apangana. Wina atumiza ana ace kwa mnzace kwa miyezi ingapo kapena caka cimodzi, nalandiranso ana a mnzaceyo. Wophunzira sacoka pa yunivesite yace. Dzina lace likhalabe m'buku la kwao, kawirikawiri ndalama za sukulu alipira kwao komweko, ndipo digiri adzalandira kwao. Ku Ulaya pangano lalikulu la mtundu umenewu, lochedwa Erasmus, linayamba mu 1987.

Malamulo a kusinthanaku asiyana malinga ndi yunivesite, koma mitu yace ifanana. Wophunzira sadzisankha yekha: yunivesite yace ndiyo imsankha ndi kutumiza dzina lace. Safuna munthu wongofika kumene, koma amene watha caka kapena zaka ziwiri ndi malikisi abwino, wopanda mlandu pa sukulu. Afuna kalata za aphunzitsi omdziwa, pasipoti, cilolezo colowera m'dziko la eni, ndi umboni wakuti ndalama za cakudya ndi pogona zilipo. Maiko ena afunanso kalata ya dokotala. Wopita ku Britain kwa miyezi yoposa 6 ayamba wayezedwa cifuwa cacikulu. Tsiku lotsekera mapempho likapita lapita, ndipo kulira sikulibweza.

Lamulo loposa onse, limene acinyamata amalipeputsa pokhala mtima uli kale pa ndege, ndilo pangano la maphunziro. Asanacoke, wophunzira alemba maphunziro amene akatenga kumeneko, ndipo pepalalo alisaina iye mwini, akulu a yunivesite yace, ndi akulu a yunivesite yomlandira. Cifukwa cace n'comwe cija cinabvuta Dokotala Banda. Wopita wopanda panganolo angathe kukhoza bwino kunjako, nabwera kudzamva kuti zimene anaphunzirazo siziwerengedwa, nabwereza caka conse anzace akulandira madigiri. Lamulo limeneli lioneka lotopetsa, koma ndilo bwenzi leni leni la mwana wa wosauka, amene alibe caka cotaya.

Nanga mphunzitsi wa kumudzi alowapo pati? Alowa pa dzina. Mapepala onse amene achulidwawa ayenera kunena dzina limodzi, lolembedwa mofanana, ndi tsiku lobadwa limodzi. Ana ambiri a kumidzi alibe kalata ya cibadwidwe, ndipo malo oyamba pamene dzina lao lilembedwa ndi kaundula wa sukulu. Zimene zicitika pamenepo aphunzitsi azidziwa. Mwana afika ndi agogo ace amene sakumbuka caka, nangoti anabadwa nthawi ya cilala. Mphunzitsi ayang'ana msinkhu, nalemba caka ca m'mutu mwace. Caka camawa mwanayo abatizidwa, nalandira dzina la Cikristu, nayamba kulemba limenelo. Atate ace akamwalira akaleredwa ndi amalume, natenga dzina la amalumewo. Mphunzitsi wina alemba Mweemba, womlowa m'malo alemba Mwemba, poganiza kuti cilembo cimodzi sicipha munthu. Dzina lina lilowa pa setifiketi ya mayeso. Pofika zaka 16 mwanayo akatenga citupa ca Boma cimene anthu amacicha reji, ndipo pamenepo palembedwa linanso. Pasipoti itsata reji. Tsono kalaliki wa ku yunivesite ya kutali, amene sadziwa ubatizo wa pa mishoni kapena udindo wa amalume, aona anthu awiri pamene pali munthu mmodzi. Kukonza colakwa cotere kufuna malumbiro, makalata ndi maulendo a ku maofesi, ndipo pamene zikonzeka tsiku lotsekera lija lingakhale litapita.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mphunzitsi wolandira mwana watsopano acita bwino kufunsa khadi la ku sikelo kapena kalata ya ubatizo, kuitana kholo kuti linene dzina limene mwana adzakhala nalo, ndi kulemba monga banja lilichulira, osalikongoletsa kapena kulifupikitsa kuti limveke Cingerezi. Polembetsa mayeso otsiriza a pulaimale awerenge maina mokweza, mwana ali yense aone lace ndi maso. Nchitoyi itha masana amodzi okha.

Alowanso pa cinenero. Mayunivesite ambiri afuna umboni wakuti mlendo amva Cingerezi, ndipo ena alembetsa mayeso apadera monga IELTS, oyesa kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Mwana wozolowera kuloweza mayankho ndi kuimba pamodzi ndi kalasi yonse agwa pa kulankhula, pakuti sanafunsidwepo maganizo ace. Wopempha ulendo alembanso kalata yofotokoza cifukwa cimene afunira kupita, ndipo kalata yotere ilembeka bwino ndi amene anaphunzira kulongosola nkhani. Kulongosola kumeneko kuyamba m'Citonga, m'Cilozi kapena m'Cinyanja. Mphunzitsi wolanga mwana cifukwa colankhula cinenero ca amace aganiza kuti athandiza Cingerezi, koma angophunzitsa mwanayo kukhala cete.

Za kalata za umboni mau ndi ocepa. Mphunzitsi wopemphedwa kulemba anene zoona, nachule cinthu ceniceni cimene anaona mwa mwanayo. Kalata yotamanda aliyense ndi mau amodzimodzi siwerengedwa kawiri.

Lamulo lotsiriza ndilo kubwerera. Mlendo ndi mame. Wophunzira wa kusinthana cilolezo cace cikatha ayenera kucoka, natsirize maphunziro kwao. Ngakhale thandizo la Commonwealth, limene linakhazikitsidwa mu 1959, liyembekeza kuti wothandizidwa wa ku maiko osauka abwerere kukagwira nchito kwao. Ena aliona lamuloli ngati goli. Koma pangano la mayunivesite awiri likhala pa kukhulupirirana, ndipo mmodzi akazembera kunjako, amene abvutika ndi ang'ono ace a caka cotsatira, pakuti eni dziko ayamba kukaika onse ocokera kumeneko. Makolo a kumudzi ambiri samva zimenezi. Ena amalangiza mwana kuti akafika asabwereko. Mwana wa m'mudzi akasankhidwa, kalata zace zimafika nthawi zambiri m'manja mwa mphunzitsi kuti awawerengere makolowo, ndipo pamenepo ayenera kuwerenga ndi kumasulira ndime zonse, pamodzi ndi ndime ya tsiku lobwerera.