ALIMI OYAMBA A KU LUSAKA

Mau okambidwa kwa alimi

Munthu woyenda pa mseu wa Leopards Hill, wocokera ku Kabulonga ndi Woodlands kunka kum'mwera cakum'mawa, afika ku phanga la m'phiri lochedwa ndi dzina lomwelo. Akatswiri a zinthu zakale anakumba m'phangamo napezamo zida za mwala, zina za zaka zoposa 20,000. Eni ace sanali kulima. Anali osaka nyama ndi ochola zipatso za m'chire.

Nanga alimi oyamba anali kuti? Ambiri ayesa kuti iwonso anali a m'mapanga, koma si tero ai. Mudzi wao unapezeka pa malo oyera, pa Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Bambo David Phillipson, amene anali wa bungwe la Boma losunga malo akale, anakumba pamenepo nasindikiza zimene anapeza m'caka ca 1968. Anapeza maenje a mitengo ya nyumba, zigumu za dothi lomata, mapale a mbiya zocekerera bwino, mafupa a ng'ombe, zida za citsulo, ndi zotsala za m'ng'anjo zambirimbiri. Makala a pamalopo atapimidwa anasonyeza kuti mudziwo unalipo pakati pa zaka za 400 ndi 500 A.D. Pa Twickenham Road, m'mzinda momwemo, panapezeka mudzi wina wa zaka mazana angapo pambuyo pace, ndipo eni ace anali kuweta mbuzi.

Anthu amenewo sanadziwe cimanga, pakuti cinacokera ku America cikapita caka ca 1500. Mbeu za alimi akale a dziko lino zinali mapira, mawere, mcewere ndi khobwe, zimene ena lero azinyoza, cinkana zipirira cirala koposa cimanga.

Komabe mapanga ali ndi umboni wace wa alimiwo, ndipo uoneka bwino ku Cigawo ca Kum'mawa. Bambo Phillipson anakumbanso m'mapanga a Makwe ku Katete, Thandwe ku Chipata ndi Kalemba ku Chadiza. M'dothi la pansi munali zida za mwala zokha. M'dothi la pamwamba zida za mwala zinalimobe, koma pakati pace panayamba kuoneka mapale a mbiya za anthu a m'midzi. Tanthauzo lace ndi ili: alimi atafika ndi makasu ndi ziweto zao, osaka aja sanathe msanga. Anakhalabe m'mapiri zaka zoposa 1,000, moyandikana ndi midzi, ndipo zinthu zina za m'mudzi zinali kufika ku phanga, kapena posinthana ndi nyama ndi uci. Nkhalamba za Acewa zikamasimba za Akafula, anthu afupi-afupi amene makolo anawapeza m'dziko muno, sizinena nthano cabe.

Cimene cionetsa zonsezi ndi kusanjikizana kwa dothi. Ca pansi ndi cakale, ca pamwamba ndi catsopano. Phale likacotsedwa pamene linagona, lingokhala phale wamba, ndipo ngakhale katswiri sangadziwenso bwino zaka zace.

Apa ndipo pali bvuto. Alimi ena alowa m'mapanga kukakumba zitosi za mileme kuti athire m'dimba. Ndi manyowa amphamvu ndithu, palibe wokana. Koma fosholo ikapitirira zitosi nifika pa phulusa, mafupa ndi timiyala takuthwa, munthu mmodzi aononga m'mawa umodzi zimene zinasanjikizana zaka zikwi. Anyamata enanso asonkha moto m'phanga kapena alemba maina ao ndi makala pamwamba pa zojambula zofiira ndi zoyera, ndipo mwaye ukaphimba zojambulazo sizibweranso.

Cimodzimodzi okumba maziko a nyumba, zimbudzi ndi dothi la njerwa ku Chelstone, Kabwata ndi m'minda yozungulira mzinda. Akaona mapale ambiri pamodzi, kapena miyala yakuda yolemera yobooka-booka, yotsala posungunula citsulo, aleke kukumba pamalopo. Asatole kanthu, asatsuke kanthu. Auze mfumu kapena mlangizi wa zaulimi, ndipo iwo atumize mau ku National Heritage Conservation Commission, bungwe limene lamulo la 1989 linapatsa nchito yosunga malo otere. Ofuna kuona ndi maso mapale ndi zida za anthu akale apite ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue, nyumba imene inatsegulidwa m'caka ca 1996.