PHIRI LA MANGOCHI, MLONDA WA KUMWERA KWA NYANJA

Lero tikambirane za phiri limene linapereka dzina ku boma la Mangochi. Phirili lili kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, cha ku Namwera, ndipo msonga yake ndi yotalika mamita oposa 1,700. Kuyambira kale anthu akhala akufuna malo okwera otere pa chifukwa chimodzi. Amene ali pamwamba ndiye amayamba kuona, ndipo ndiye amayamba kuchenjeza anzake.

Mfumu Jalasi ya Ayao inadziwa bwino zimenezi, nimanga mudzi wake m'phirimo. Alonda ake ankaona adani akali kutali m'chigwa. M'chaka cha 1892 asilikali a boma la Angerezi anayesa kukwera kuti amgonjetse, popeza njira ya malonda a akapolo inkadzera m'dziko lake, koma anabwezedwa nasiya mzinga wao m'manja mwa Jalasi. Anadzapambana mu 1895, motsogozedwa ndi Major Edwards, ndipo Jalasi anathawira ku Mozambique. Pofuna kuti phirilo lisawachokenso, Angerezi anamangapo linga lotchedwa Fort Mangochi, limene pambuyo pake linakhalako ndende. Dziko litalandira ufulu, tauni ya Fort Johnston inatenga dzina la phirili.

Maso a mlonda ali ndi malire, choncho anthu anafuna njira zina zofulumizitsira uthenga. Nkhani ya m'chaka cha 1914 itiphunzitsa kufunika kwake. Nkhondo Yaikulu Yoyamba itabuka ku Ulaya, Angerezi a kuno anamva msanga kudzera pa waya wa lamya. M'mwezi wa Ogasiti sitima yao yankhondo ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, limene tsopano ndi Liuli ku Tanzania. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti kwagwa nkhondo. Mfuti ya Guendolen inadzaikidwa pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria m'tauni ya Mangochi, pomwenso pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa namondwe wa mu 1946.

Wailesi itafika, mapiri anapezanso ntchito yao yakale. Bungwe la MBC linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kuno ku Mangochi wailesi ya Dzimwe inayamba kuulutsa mau ku Monkey Bay mu 1998, Radio Maria niyamba mu 1999. Mafunde a FM amayenda molunjika ngati kuwala, ndipo phiri likawatchinga, mudzi wa kuseri sumva bwino. N'chifukwa chake amisiri amaimika nsanja zao pa zitunda ndi pa msonga za mapiri. Ntchito imene mlonda wa Jalasi ankagwira ndi maso ndi mfuu, lero igwiridwa ndi nsanja yachitsulo. Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Malembo akamva pa wailesi kuti mwera ukubwera, amakokera bwato kumtunda napulumuka. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsono mlonda wotere ayenera kusamalidwa. Nkhalango ya phiri la Mangochi inatetezedwa ndi lamulo mu 1924, koma nkhwangwa, makala ndi moto wolusa zikuidya chaka ndi chaka. Mitengo ikatha, mitsinje yotsikira ku Shire ndi ku nyanja ya Malombe imadzaza mchenga, ndipo zipupa za linga lija zimagumuka. Mafumu, aphunzitsi ndi makolo, tengani ana mukwere nawo phirili, aone okha pamene makolo ao ankalondera dziko.