Chimfine chikalowa m'nyumba, amagwa ndani?



Chiperoni chikafika mu June timatseka mawindo onse, mbaula m'kati, anthu sikisi chipinda chimodzi. Ndiye taonani mmene chimfine chimayendera. Nthawi zambiri amabwera nacho ndi mwana wa sukulu, uja amakhala mothithikana ndi anzake m'kalasi. Iyeyo atsokomola masiku angapo, basi, wabwerera ku mpira. Koma ana amafalitsa tizilombo ta chimfine masiku ambiri kuposa ife akuluakulu, ndipo zotseka pakamwa alibe nazo ntchito. Masana wanyamula khanda, usiku wagona ndi agogo.

Kachilombo kena kotchedwa RSV, kwa mwana wazaka 8 ndi kachimfine wamba. Khanda losakwana miyezi 6 kamatha kulitsekereza m'chifuwa mpaka kukagonekedwa ku Gulupu. Agogo nawonso thupi linafooka. Mukukumbukira COVID-19 ya January 2021 mmene inatengera achikulire, makamaka a shuga ndi BP.

Tsono wodwazika amakhala ndani? Ine ndili Fomu 3 ndinajomba masabata awiri ndikusamalira agogo, ndinadwalanso. Mchimwene wanga sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Anyamatanso manja ali nawo, azilandirana nafe.

Wotsokomola asanyamule khanda, asagone ndi agogo ngati malo alipo. Masana tsegulani mawindo, sambani m'manja ndi sopo. Khanda likamapuma mothamanga, pachifuwa pakulowa m'kati, kapena likukana bere, musadikire bambo ake aweruke. Berekani, thamangirani kuchipatala cha South Lunzu.