Nkhotakota, Tauni ya Pagombe

Wolemekezeka Wapampando, aphunzitsi athu amene munapuma pa ntchito, anzanga amene tinadyera limodzi nyemba zofumbwa za kugonera, amayi ndi abambo. Komiti inandipempha kuti ndilankhule za Nkhotakota kwa mphindi zochepa. Ndavomera chifukwa ambiri mwa ife timangodutsapo pa basi, kugula usipa pa zenera, osadziwa kuti tadutsa pa malo amene mbiri ya dziko lino inakhotera.

Ndiyambe ndi malo ake. Tauniyi ili kumadzulo kwa Nyanja ya Malawi, pa msewu wa M5, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe mukadzera ku Salima. Ndi kuchigwa, ndipo mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la kumeneko silicheza ndi munthu. Chimene chinakopa anthu akale si kukongola ayi, koma mchenga wa Sungu, umene unalowa m'nyanja ngati mkono nutchinga dooko. Amene munakwerapo Ilala nthawi ya mwera mukudziwa kuti nyanja yathu ikakwiya sisiyana ndi ya mchere. Malo oti ngalawa n'kubisala mphepo yotere ndi osowa m'gombe limeneli. Kumwera kuli Chia, dziwe lalikulu lolumikizana ndi nyanja. Kumpoto kuli mtsinje wa Bua, kumene mpasa zimakwera kukaswa, ndipo kupitirira apo ndi minda ya nzimbe ya Dwangwa. Kumadzulo nthaka imakwera n'kulowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, yokula masikweya kilomita 1,800. M'zaka za 2016 ndi 2017 a African Parks anasamutsira kumeneko njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kulinso akasupe a madzi otentha ku Mawira.

Tsopano mbiri, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono.

Eni dera ndi Achewa, a mafumu monga Malengachanzi. Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene anakhala Jumbe woyamba. Anapempha malo ngati mlendo aliyense, koma anali ndi mfuti, nsalu ndi mikanda, ndipo posakhalitsa mlendo uja anaposa eni mudzi mphamvu. Malonda ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankachokera kumtunda, ena kutali kwambiri, nasonkhanitsidwa pa Nkhotakota, kuwolotsedwa nyanja m'zombo zamatanga, kenaka kuyenda pansi miyezi mpaka ku Kilwa. Ambiri sankafika. Dooko labwino lija ndi limene linachititsa zonsezi.

David Livingstone anafikapo mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mkuyu umene anthu amati anakumanirapo ndi Jumbe alendo amakauona mpaka lero. Ku sukulu nkhaniyi tinkaimva ngati kuti ukapolo unathera pansi pa mtengowo. Sizinali choncho. Malondawo anapitirira zaka zina 30. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, ndipo iyeyu atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake sanakhalitse: Angerezi anamuchotsa namutumiza ku Zanzibar. Ufumu wa Ajumbe unathera pamenepo.

Koma pali mbali ina imene sitiyenera kuithawa. Ajumbe omwewo ndi amene anafalitsa ulimi wa mpunga m'madambo a Nkhotakota, ndipo ndi iwo anadzetsa Chisilamu, chimene chili ndi mizu yozama m'tauniyi. Mpunga umene timaunyadira pa ukwati unadzera njira imodzi ndi magoli. Ine sindiona chifukwa chobisira ana athu chimodzi mwa ziwirizi. Mu 1894 a mishoni ya Anglican ya UMCA anatsegula malo awo, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints pomwepo. Chipatala cha St Anne's ndi cha mishoni yomweyo. Lero mzikiti ndi tchalitchi zimamvana mawu, ndipo m'mabanja ambiri mumapezeka Asilamu ndi Akhristu akudyera mbale imodzi ya kondowole.

Azungu ankalemba dzinali kuti Kota Kota. Ndi pa Kota Kota pomwepo pamene mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano wake waukulu, nichisankha Dr Kamuzu Banda kukhala mtsogoleri wachipanicho wamuyaya. Zimene zinatsatira mukuzidziwa, ena mwa inu kuposa ine.

Za chiwerengero cha anthu: kalembera wa 1977 anapeza anthu oposa 10,000 pa Boma, wa 2018 anapeza oposa 28,000, ndipo m'boma lonse oposa 390,000. Anthu achuluka pafupifupi katatu, koma nyanja ndi yomwe ija. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Msodzi wa ku Nkhotakota amadziwa ntchito yake. Usipa amaupha usiku ndi nyali ndi chilimira, mwezi ukakhala mumdima. Utaka, ncheni ndi kampango ali ndi malo ndi nyengo zawo. Amayi amayanika pa thandala, amawamba, natumiza ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Koma chambo chachepa, ndipo aliyense wogula pa msika waona ndi thumba lake. Makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito amene anaperekedwa kuti atiteteze ku malungo, akukokolola ndi tiana tomwe. Lamulo lotseka usodzi wa makoka mu Novembala ndi Disembala lilipo, koma limagwera nthawi imene m'nyumba mulibe chakudya. N'kosavuta kwa ife olandira malipiro pa mwezi kudzudzula munthu amene ana ake agona ndi njala. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, ndipo madzi osefukira anasamutsa mabanja ambiri cha ku Dwangwa. Zoterezi zikachitika, wotaya munda amathawira kunyanja komweko, asodzi n'kuchulukirachulukira.

Chimene chikutikhudza ife monga bungwe ndi ana. Mnyamata wa zaka 13 akagwira chingwe cha khoka usiku umodzi amabwerako ndi ndalama m'manja, pamene mnzake wa m'kalasi amabwerako ndi homuweki. Mtsikana naye amakhalira kuyanika nsomba, kenaka banja. Amene amafika ku sekondale kuchokera m'madooko amenewa amakhala atalimbana ndi zambiri, ndipo kawirikawiri chimawagwetsa ndi fizi ya teremu imodzi.

Choncho, Wapampando, ndikupempha zinthu ziwiri kuti zilowe m'zokambirana za masana ano. Choyamba, pa thumba lathu lothandizira ophunzira tipatule malo awiri a ana ochokera m'midzi ya asodzi, mnyamata ndi mtsikana. Chachiwiri, ulendo wa a Fomu 3 wa chaka chamawa upite ku Nkhotakota, akaone mkuyu uja, manda a Maples ndi Chia, ndipo akafike pa gombe m'mamawa mabwato akamakocheza. Mtengo wa basi ndaufunsa kale, ndipo pepala lake ndapereka kwa Msungichuma.