Mpando Wakwera, Malipiro Ali Pomwepo

 Lero tikamba za katundu wosaoneka ndi maso. Ana inu, mverani bwino, pakuti munthu amene tikambe za iyeyo mwina ndi yemwe waima patsogolo panupo.

Mphunzitsi wamkulu akapuma pa ntchito, akasamutsidwa kapena akamwalira, sukulu singakhale yopanda mutu. Tsono ofesi ya DEBS, imene iyang'anira maphunziro m'boma lililonse, imapempha mmodzi mwa aphunzitsi otsala kuti agwirizire mpandowo. Kuyambira tsiku lomwelo onse amutcha ahedi. Makiyi a ofesi ali m'thumba mwake. Malipoti a ku boma, misonkhano ya makolo, ndalama za sukulu, mayeso, denga limene lasasuka ndi mphepo, mlandu wa mwana amene wasiya sukulu, zonsezi zifikira iye, ndipo anthu amangoti mutu ukakula sulewa nkhonya. Kalasi yake yakale sanamuchotsere, pakuti palibe womupatsa. Koma mwezi ukatha, pepala la malipiro limanena zomwe linanena chaka chatha.

Kodi zimenezi zimachitika bwanji? Malipiro a wantchito wa boma satsata thukuta lake, atsata mpando umene dzina lake lalembedwapo m'kaundula wa malipiro, wotchedwa PMEC. Wotsimikiza mphunzitsi pa mpando ndi bungwe la Teaching Service Commission, ndipo mpandowo uyenera kukhala woti Unduna wa Zachuma unauvomereza ndi kuupatulira ndalama. Tsono masukulu ambiri anayamba ngati a m'mudzi, omangidwa ndi makolo, ena anakwezedwa kuti akhale ndi makalasi apamwamba, ndipo anakula msanga kuposa kaundulayo. Sukulu ilipo, ana alipo, ntchito ya uhedi ilipo, koma papepala mpando wa uhedi palibe. Motero munthu agwirizira chaka, zaka ziwiri, nthawi zina kufikira imvi.

Alipo enanso amene anadzimana, nalipira okha maphunziro pa Chipata College of Education kapena pa Yunivesite ya Zambia, natenga dipuloma kapena digiri, napatsidwa makalasi ovuta, koma malipiro nakhala a satifiketi yakale. Mabungwe a aphunzitsi, monga ZNUT ndi BETUZ, adandaula za ichi kwa nthawi yaitali. Thumba la boma nalo lili ndi malire: m'zaka za 2014 ndi 2015 malipiro a antchito a boma anaimitsidwa osakwera konse. Mu Januwale 2022 boma linathetsa fizi m'masukulu ake, ndipo ana amene anali kukhala pakhomo anadzaza makalasi mpaka ena kukhala pansi. Chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi atsopano 30,496. Ichi chinali chinthu chachikulu, tisachichepetse. Koma mphunzitsi watsopano afunika womulangiza, ndipo womulangizayo ndi yemwe uja wogwirizira.

Mlimi aliyense adziwa kuti ukaonjeza matumba pa ngolo, uonjezenso msipu ndi mpumulo wa ng'ombe. Ukapanda kutero, tsiku lina ng'ombe imangogona pamsewu, ndipo chikwapu sichiidzutsa. Munthu naye ali ndi pogonera pake. M'chaka cha 1974, katswiri wa za maganizo wa ku New York, Herbert Freudenberger, anaona kuti anthu odzipereka pa chipatala chaulere ankayamba ntchito ndi changu, koma patapita nthawi ankasanduka ngati nyali imene yatha mafuta, chingwe chokha chikunyeka. Iye anatcha vutoli burnout. M'chaka cha 2019, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linalilemba m'buku lake, ndipo linanena kuti si nthenda ayi, koma chotsatira cha kupanikizika kwa pa ntchito kumene kwakhalitsa kopanda chithandizo. Zizindikiro zake ndi zitatu: kulema kosatha ngakhale utagona, mtima kutalikirana ndi ntchito mpaka kuipidwa nayo, ndi kuona kuti zimene uchita sizikupindulanso. Chachiwiricho ndicho chindimvetsa chisoni. Mphunzitsi amene kale ankadziwa mwana aliyense ndi dzina la agogo ake omwe, ayamba kuona ana ngati mitu yongowerenga. Oyang'ana patali amati wayamba ulesi. Waulesi sadandaula kuti ntchito yaonongeka, pamene wolemayu usiku sagona nayo.

Kwa inu aphunzitsi, mawu anga ndi awa. Mukapemphedwa kugwirizira, musakane msanga, pakuti ana afuna mtsogoleri, koma musavomerenso ndi pakamwa pokha. Pemphani kalata yokhala ndi tsiku loyambira. M'ntchito ya boma kugwirizira kuli pawiri: kwina n'kongotseka mpata kufikira mwini mpando atapezeka, kwina n'koyesedwa ndi cholinga chakuti mutsimikizidwe. Funsani kuti kwanu ndi kuti, ndiponso ngati mpandowo ulimo m'kaundula, chifukwa ndalama ya wogwirizira imayenda ndi makalata amenewa. Sungani chofanana cha kalata iliyonse imene mwatumiza, ndipo woimira bungwe lanu aidziwe nkhaniyo isanakalambe. Ena amachita manyazi kufunsa za ndalama, poopa kuoneka adyera. Ine ndiona kuti manyaziwo ndi olakwika. Dzina lakuti ahedi silipera chimanga kuchigayo.

Pamene muli kudikira yankho, gawani ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Wina asunge kaundula wa mabuku, wina aone za masewera, makolo aone za njerwa ndi chimbudzi. Tchuthi chanu chikafika, pumulani ndithu. Ndipo kulemako kukafika posowetsa tulo ndi chilakolako cha chakudya, pitani kuchipatala mukafotokoze, monga mukadachitira ndi malungo.

Tsopano ana inu. Malipiro simungawakonze, koma kufika nthawi yabwino, kusesa osadikira kuuzidwa, ndi kulemba zooneka bwino kuti aphunzitsi asavutike kuwerenga, zimenezo zili m'manja mwanu. Tengani makope anu mulembe samu iyi. Kalasi ina ili ndi ana 80. Mwana aliyense wapereka makope 3 lero. Kuchonga kope limodzi kutenga mphindi imodzi. Kodi aphunzitsi atha maola angati kuchonga makope onsewo? Mukapeza yankho, muonjezepo maola amene iwo aima m'kalasi kuyambira m'mawa. Aphunzitsi, mutseke wailesi tsopano, muwapatse anawo mphindi zisanu.