Njanji ya malasha m'dera la Thambani

Njanji imene alendo akuiona m'dera la Thambaniyi ndi gawo la njanji ya makilomita 912 yochokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kukafika ku doko la Nacala-a-Velha. Koyambira ndi kothera konse ndi ku Mozambique, Malawi angokhala njira yachidule. Mwini ntchito anali Vale, kampani ya ku Brazil imene inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, pamene njanji ya Sena yopita ku Beira inali yosakwanira kusenza malasha onsewo.

Boma la Malawi ndi Vale anasainirana mgwirizano mu Disembala 2011. Ntchito yomanga njanji yatsopano, yopitirira makilomita 130, kuchokera ku Kachaso m'boma la Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya m'boma la Balaka, inapatsidwa kwa Mota-Engil ya ku Portugal mu 2012. Nthawi inali yothina, chifukwa mgodi unkakuzidwa ndipo doko linkamangidwa m'zaka zomwezo. Njanji ikanachedwa, malasha akanangounjikana ku Moatize, doko lili duu.

Ulendo wokaona njanjiyi ukuyambira pa msewu wafumbi umene ukuitsata. Pa ntchito yotere, msewu ndi kampu ndizo zimayamba, chitsulo chimabwera pambuyo. Kontrakitala amasamutsa likulu lake la ntchito kuchoka m'tauni n'kulibweretsa kutchire: maofesi a mainjiniya, nyumba zogona antchito, galaja ya makina, matanki a dizilo ndi nyumba zosungiramo katundu. Mwa zonsezi, nyumba yosungiramo katundu ndiyo imalamula liwiro la ntchito. Simenti siifuna chinyontho. Matumba amasanjikidwa pamatabwa, kutali ndi khoma, ndipo amene analowa koyamba ndiwo amatuluka koyamba. Kachitsulo kamodzi ka katapila kakasowa m'sitolo, makina amaima, ndipo amene amawayendetsa amangoothera dzuwa kudikira kuti kachoke ku Blantyre kapena kunja. N'chifukwa chake woyang'anira sitolo, ngakhale satchuka, amasakidwa kuposa bwana.

Alendo akasendera pafupi, koma osaponda njanji, aona zinthu zitatu zosanjikizana. Pansi pali dothi lotsenderedwa. Pamwamba pake pali miyala ya kwale, imene imagwira njanji kuti isasunthe komanso imalola madzi kudutsa. Kenako pali mitanda ya konkire imene yanyamula zitsulo ziwiri za njanji. Mpata wa pakati pa zitsulo ndi mamilimita 1,067, wofanana ndi wa njanji zakale za Malawi ndi Mozambique, kotero kuti ku Nkaya sitima imangolowa mu njanji yopita ku Nayuchi popanda kutsitsa katundu.

Chovuta kwenikweni kuno chinali malo. Sitima yolemedwa siikwera chitunda ngati lole, choncho pamene pali phiri ankadula, pamene pali chigwa ankathira dothi kapena kumanga mlatho. Makalavati amene ali pansi pa mtumbirawu amaoneka aakulu mopyola muyeso m'chilimwe, koma ofika kuno mu Januwale sadabwa nawo. Dzinja lomwelo ndilo linali mdani wa kalendala: dothi lonyowa silitsenderedwa, ndiye ntchito yadothi inkafunika kuthamangitsidwa mvula isanagwe.

Pomanga njanjiyi, minda inadulidwa ndipo mabanja ena anasamuka atalandira chipukuta misozi. Njira zina zimene anthu ankadutsa popita kumunda tsopano zimakumana ndi njanji, n'chifukwa chake alendo aolokere pamalo okhawo amene anakonzedwa. Sitima ya malasha imakoka mabogi oposa 100 ndipo siima pafupi, ngakhale woyendetsa ataona munthu kapena ng'ombe patsogolo.

Njanji yonse inatsegulidwa mwamwambo mu Meyi 2017 ku Nacala-a-Velha, ndipo inakonzedwa kuti izinyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka. Mu 2022 Vale inamaliza kugulitsa mgodi ndi njanjiyi kwa Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India. Njanjiyi inamangidwira malasha, ndipo manachesi ndi nandolo za alimi a Mwanza zimapitabe kumsika pa galimoto.